Munagwirapo Ntchito ku Joni Popanda Mapepala? Mafunso ndi Mayankho kwa Ofuna Viza ya Ntchito

Bungwe la Theba litaleka kulemba Amalawi ntchito za m'migodi ya ku South Africa mu 1988, ulendo wa ku Joni sunathe, unangosintha njira. Lero achinyamata a ku Makanjira, Namwera, Malindi ndi Monkey Bay amakwera basi kudzera pa Mwanza, Tete ndi Nyamapanda mpaka pa Beitbridge, ndipo ambiri amakagwira ntchito m'mashopu, m'nyumba za anthu ndi m'mafamu opanda chilolezo. Kabuku aka talembera inu amene munabwerako ndipo mukufuna kubwereranso mwalamulo.

Ndinalowa ndi pasipoti yanga, anandidindira pa boda. Ndinalakwa chiyani?

Mmalawi amaloledwa kulowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30, koma ngati mlendo wodzacheza basi. Chidindo chimenecho si chilolezo cha ntchito. Lamulo la Immigration Act la 2002 limaletsa mlendo wotere kulembedwa ntchito, ngakhale ganyu, ndipo bwana womulembayo nayenso amapalamula. Nthawi zambiri milandu imakhala iwiri: kugwira ntchito popanda chilolezo, ndi kukhalitsa masiku atatha. Umene umaonekera msanga ndi wachiwiriwu, chifukwa madeti olowera ndi otulukira amakhala mu kompyuta ya Home Affairs, unduna wa za m'dziko wa South Africa.

Kupitirira masiku kuli ndi chilango chanji?

Kuyambira pa 26 Meyi 2014, wopitirira masiku salipiranso faindi pa boda monga kale. M'malo mwake amalembedwa kuti ndi undesirable person, ndipo amaletsedwa kulowanso m'dzikomo. Mukapitirira ndi masiku osaposa 30, chiletso ndi cha miyezi 12. Mukabwereza pasanathe miyezi 24, ndi zaka ziwiri. Mukapitirira ndi masiku oposa 30, ndi zaka zisanu. Chiletso chisanathe, pempho la viza silingayende, ngakhale mutakhala ndi kalata ya bwana m'manja.

Nanga ngati anandigwira n'kunditsekera ku Lindela?

Apa nkhani ndi yaikulu. Munthu amene anasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, n'kubwezedwa kwawo ndi boma amakhala prohibited person. Chiletso ichi chilibe tsiku lothera. Chimachoka pokhapokha mkulu wa Home Affairs, Director-General, atavomera pempho lanu lolemba. Kungokhala kumudzi zaka zambiri sikuchichotsa.

Ndikatenga pasipoti yatsopano, mbiriyo siifafanizika?

Ayi, mlandu suwola. Kutenga pasipoti ina yakale ikatha kapena ikasowa n'kololedwa, koma chiletso chimatsata munthu, osati kabuku. Dzina ndi tsiku lobadwa zimatsala m'kaundula, ndipo amene anagwidwapo anasiyanso zidindo za zala. Wosintha dzina kapena zaka kuti azembe amasandutsa vuto la zaka zisanu kukhala mlandu wachinyengo.

Pali madobadoba amene amati angandipezere permit kapena kundidindira pasipoti ndili pakhomo. N'zothandiza?

Imeneyi ndiyo njira yachidule yodzitsekera khomo. Lamulo la Immigration Act lija limati aliyense wopezeka ndi viza, pasipoti kapena chiphaso chachinyengo amakhala prohibited person. Kunena kuti munalipira ndalama osadziwa kuti pepalalo ndi labodza sikukupulumutsani pa boda. Chimodzimodzinso kupatsira pasipoti kwa dalaivala kuti akaidinditse inu muli ku Durban.

Pa fomu ndiulule kuti ndinagwirapo ntchito mozemba?

Yankhani zoona pa funso lililonse limene mwafunsidwa, makamaka lokhudza kukanizidwa kulowa kapena kubwezedwa. Ofunsawo amakhala akudziwa kale zambiri. Mudzafunikanso kalata ya polisi yochokera kudziko kumene munakhalako miyezi 12 kapena kuposa, choncho ngati khoti la kumeneko linakupezani wolakwa, zidzatuluka. Mayiko enanso amafunsa zomwezi. Fomu ya ku United Kingdom imafunsa ngati munabwezedwapo ndi dziko lina lililonse, ndipo wopezeka atanama angaletsedwe kwa zaka 10.

Chiletso chingachotsedwe chisanathe?

Inde, mungachite apilo ku Home Affairs. Lembani kalata yofotokoza chimene chinakuchedwetsani, muikepo kope la pasipoti, pepala limene anakupatsani pa boda, ndi umboni wogwirika, monga kalata ya kuchipatala ngati munadwala. Kungonena kuti ndalama ya basi inasowa, popanda umboni, sikupita patali.

Chiletso chikatha, viza ndipempha kuti?

Pemphani muli kuno kwathu, kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Wolowa ngati mlendo saloledwa kusintha kukhala wantchito ali komweko. Mudzafunika bwana wokonzeka kusaina kontirakiti, ndi masatifiketi ounikidwa ndi bungwe la SAQA. Kuyambira mu Okutobala 2024 mapempho amayesedwa ndi mapointi, potengera maphunziro, malipiro ndi zaka zimene mwagwira ntchitoyo, kotero ntchito za m'shopu ndi za m'nyumba n'zovuta kupezera viza.

Bwana anandidyera malipiro. Ndatayiratu?

Osati kwenikweni. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, khoti la zantchito la ku South Africa linagamula kuti mlendo wopanda chilolezo ndi wantchito ndithu, ndipo angadandaule ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya zantchito. Koma kupambana kumeneko sikuchotsa chiletso.

Mawu kwa inu

Musanagulitse ngalawa, ukonde kapena munda kuti mulipire wina wolonjeza mapepala, tsegulani pasipoti yanu, muwerenge madeti, mudziwe chiletso chimene muli nacho. Ngati ndi cha zaka, dikirani kapena chitani apilo. Ngati munabwezedwa, lemberani Director-General. Musaname pa fomu, ndipo musagule chidindo.