Mgolo wa ku Chitima

Chitima ndi tauni ya m'boma la Cahora Bassa, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kufupi ndi Songo kumene kuli damu lalikulu la magetsi. Lachisanu pa 9 Januwale 2015 kumeneko kunali maliro, ndipo anthu anamwa mowa wa masese, umene eni ake amautcha pombe. Anaufulula ndi mayi wina wa m'deralo, mumgolo wa malita 210, mgolo ngati womwe mumauona kuseri kwa nyumba ya aliyense wochita geni ya mowa ku Dedza kapena ku Mwanza. Usiku womwewo anthu anayamba kubuula ndi m'mimba, kusanza, kutsegula, thupi lonse lili lefu. Kutacha zipatala za ku Chitima ndi ku Songo zinadzaza. Anadwala anthu oposa 230, ndipo 75 anamwalira. Boma la Mozambique linalamula masiku atatu okhuza maliro m'dziko lonse.

Mphekesera sizinachedwe. Nkhani inamveka yoti wina anathira ndulu ya ng'ona mumgolomo anthu ali kumanda, ndipo mawailesi ndi manyuzipepala a kunja anaiwanditsa mmene inalili. Aliyense wokulira m'mbali mwa Zambezi, Shire kapena nyanja ya Malawi anamvapo za ndulu imeneyi. Alenje akapha ng'ona amataya nduluyo pamaso pa mboni kuti mawa wina asadzaloze chala. Komatu m'zaka za m'ma 1980 katswiri wa zamankhwala wa ku University of Zimbabwe, Norman Nyazema, anaiyesa nduluyo ndipo sanapezemo poizoni wopha choncho. Chinanso chimene ofalitsa mphekesera sanachiganizire bwino n'choti mayi wofulula uja nayenso anamwalira, pamodzi ndi ena a pakhomo pake.

Zoona zake zinadziwika patapita miyezi, mu Novembala chaka chomwecho, zotsala za mowawo ndi ufa wake zitakapimidwa ku United States. Mu ufawo munali tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa Burkholderia gladioli, timene timatulutsa poizoni wotchedwa bongkrekic acid. Ufa wa chimangawo unanyowa ndi madzi osefukira, n'kuyamba kuonongeka. Anthu anauona kuti sungaphikidwenso nsima, koma anati wa mowa ungachite.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza, chifukwa maganizo amenewo si a ku Tete kokha. Pokolola, amayi amaunjika ngala za chimanga padera: izi za m'nkhokwe, izi zoola ndi zachuku za nkhuku, za nkhumba, ndi za mowa. Mgaiwa ukachita fungo m'thumba, wina amati musataye, tiuphikira thobwa kapena masese. Gaga wogona pachinyontho kuchigayo amagulidwa motchipa ndi otcheza kachasu ndi ofulula omwe. Chifukwa chake chimamveka chanzeru ndithu: phala la mowa limakhalitsa pamoto, limabwata kawiri, kenako limawira, ndiye choipa chilichonse chikafera momwemo. Ndipo pa zinthu zambiri maganizowa salakwa kwenikweni, n'chifukwa chake akhalitsa.

Taonani mmene masese amapangikira. Chimera, kaya cha mawere, cha mapira kapena cha chimanga, ndi mbewu yonyika imene yamera n'kuyanikidwa. Mphamvu yake ndi yosandutsa ufa kukhala shuga, ndiye chifukwa chake phala lolimba limasungunuka n'kutsekemera mukangotsira chimera litazizira pang'ono. Pambuyo pake pamabwera tizilombo tabwino tosasitsa, tofanana ndi topanga chambiko, kenako yisiti amene amakhala kale m'mbiya kapena mumgolo wozolowera mowa, n'kusandutsa shuga uja kukhala ukali. Moto umapha tizilombo tambiri toyambitsa matenda, ndipo kuwawasa kumaletsa tina kuswana. Mowa wofululidwa bwino ndi ufa wabwino umadziteteza wokha.

Koma kupha kachilombo ndi kwina, kuchotsa poizoni amene katulutsa kale ndi kwinanso. Bongkrekic acid safa ndi moto. Mungabwatitse phala tsiku lonse, mungaonjezere nkhuni, iye ali momwemo. Alibe fungo, alibe kukoma kwake, sasintha mtundu wa mowa. Mwambo wathu woti mwini mowa ayambe walawa chipanda choyamba pamaso pa anthu umagwira ntchito pa munthu wa mtima woipa, amene akudziwa chimene wathira. Kwa mayi amene sakudziwa kanthu, mwambowo umangomuika patsogolo pa mzere wa odwala, pakuti poizoniyu amatenga maola asanaonetse zizindikiro, ndipo pofika nthawiyo mgolo watha.

M'thupi, poizoniyu amatseka njira imene tizigawo ta thupi timapezera mphamvu kuchokera ku chakudya. Chiwindi, impso ndi ubongo ndi zimene zimayamba kugonja. Shuga wa m'magazi amakwera kaye, kenako amatsika mpaka munthu kukomoka. Mankhwala othetsa poizoniyu kulibe. Achipatala amangochirikiza thupi ndi madiripi ndi shuga, kuti mwina lipirire. Ku Chitima, mwa anthu atatu alionse odwala, pafupifupi mmodzi anapita.

Dzina lachilendo la bongkrekic acid linachokera ku Java, ku Indonesia, kumene anthu osauka ankawiritsa zotsalira za kokonati wofinya mafuta n'kupanga chakudya chotchedwa tempe bongkrek. Chinapha anthu kwa zaka zambiri mpaka boma linachiletsa mu 1988. Ku China vuto lomweli limabwera kudzera mu ufa wa chimanga wonyika. Mu Okutobala 2020, ku Jixi m'chigawo cha Heilongjiang, anthu 9 a banja limodzi anamwalira atadya chakudya cha m'mawa chopangidwa ndi ufa wotero, umene unakhalitsa mufiriji. Achinyamata a m'banjamo amene anachikana chifukwa sichinkawakomera ndi amene anatsala. Za ku Chitima zinali zoyamba kulembedwa mu Africa muno, ngakhale ine ndimakayika ngati zinalidi zoyamba kuchitika. Ndi maliro angati m'midzi mwathu amene anathera pa mawu oti "anamuthirira", nkhalamba ina n'kuthamangitsidwa m'mudzi, popanda aliyense kufunsa kumene kunachokera ufa?

Kachilombo ka Burkholderia gladioli kaja kamakhala m'dothi ndi pa zomera, ndipo kamakonda chinyontho ndi kutentha kwapakati, madigiri 22 mpaka 30, kumene ndi kutentha kwa m'nyumba zathu nthawi ya dzinja. Mafuta a m'chimanga amakathandiza kupanga poizoni wambiri. Mwezi womwewo wa Januwale 2015, madzi anali atamiza midzi ku Nsanje ndi ku Chikwawa, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anachitanso zake kum'mwera. Nthawi ngati zimenezo matumba a ufa ndi chimanga amavuulidwa m'matope, amayanikidwa pamkeka, pamwamba n'kuuma bwinobwino. Munthu amene wataya zonse sangataye thumba la makilogalamu 50 mosavuta, ndipo sindingamuweruze. Akalephera kulidya amaligulitsa motchipa, ndipo wogula wake nthawi zambiri amakhala wofulula mowa, amene nayenso akufuna kupeza ya sopo ndi ya fizi.

Ngozi ina ya chimanga chachuku ndi yosachita phokoso. Chuku china chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, yemwe uja amavutitsa alimi a mtedza pamsika wa kunja. Nayenso satheratu ndi kuphika kapena kuwira, ndipo amadya chiwindi pang'onopang'ono mpaka kuyambitsa khansa. Chiwindi cha munthu wa mowa chili kale pa ntchito yolemetsa. Chimera nachonso chimachita chuku mukachifunditsa masiku ochuluka kapena mukachilonga chisanaume gwa. Chabwino chimanunkhira motsekemera ndipo chimathetheka pochitafuna. Chikakhala chonanda, chamadontho obiriwira kapena akuda, n'chotaya.

Wofulula azifunsa kumene ufa wachokera, makamaka mtengo ukatsika modabwitsa m'miyezi ya mvula. Aziupisa dzanja mpaka pansi pa thumba: ukakhala wamibulu, wofunda kapena wa fungo la chinyontho, ausiye. Mgaiwa wogayitsa yekha kuchokera ku chimanga chimene banja lake likudya ndiye wodalirika. Mgolo ukhale woti sunasungepo mankhwala a thonje, a fodya kapena mafuta a galimoto, pakuti kutsuka ndi mchenga sikuchotsa zonse.

Zikachitika kuti anthu awiri kapena atatu amene anamwera pamodzi ayamba kusanza ndi kumva m'mimba, musati ndi matsire, ndipo musayambe ndi kufufuza mfiti. Onse amene anamwako apite kuchipatala, ngakhale amene akuti ali bwino, ana amene analawa masese asaiwalike. Mowa wotsala usagulitsidwenso, komanso usatayidwe kudzala kapena kupatsidwa nkhumba. Thirani wina m'botolo loyera, tengani ndi ufa wake ndi chimera chake, mukapereke kwa azaumoyo a m'dera lanu.