Mmene mudzi ungatetezere phiri ndi nkhalango yake

Amene adaona matope ndi miyala zikutsetsereka kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe m'mwezi wa Malichi 2023, pa nthawi ya namondwe wa Freddy, safunanso kuuzidwa ntchito ya mitengo ya m'phiri. Mapiri ambiri sadafike poipa chotero, ndipo angathe kupulumuka ngati anthu a m'tsinde mwake atadzuka chaka chomwe chino.

Yambani ndi malire. Pemphani a nyakwawa aitanitse msonkhano, pabwere amayi otola nkhuni, akuluakulu odziwa pomwe pali akasupe ndi manda akale, komanso anyamata owotcha makala. Anyamatawa musawasale, chifukwa mukawasiya kunja kwa msonkhano mudzakumana nawo usiku pa uvuni. Mukatero yendani nonse m'mphepete mwa nkhalangoyo, mukuika miyala ikuluikulu kapena kupaka utoto pa mitengo ya m'malire. Lamulo la zankhalango la 1997 limalola mfumu kupatula malo kuti akhale nkhalango ya mudzi mothandizana ndi nthambi ya boma yoona za nkhalango, choncho mlangizi wa zankhalango akhalepo tsikulo. Ngati mwayandikana ndi nkhalango ya boma monga Dzalanyama kapena Zomba-Malosa, mufunseni za mgwirizano wosamalira limodzi gawo lomwe lili kufupi nanu.

Sankhani komiti yoona zachilengedwe, ija timaitcha VNRMC, ndipo msungichuma asakhale wa banja limodzi ndi wapampando. Malamulo anu alembedwe papepala, asainidwe ndi a nyakwawa, a gulupu ndi mfumu yaikulu, pepala lina lipite ku ofesi ya bwanamkubwa. Ndaona midzi ikulakwitsa apa polemba zoletsa zokhazokha. Lembaninso zololedwa: masiku otola nkhuni zouma, kuzula bowa, kutola masuku, kumweta udzu wofolera, kukumba mankhwala osapha mtengo. Mayi amene amadziwa kuti Lachiwiri ali ndi ufulu wolowa m'nkhalango ndi nkhata yake ndiye amayamba kuulula akamva nkhwangwa ikulira.

Tsopano ntchito yeniyeni, imene ambiri amainyozera chifukwa ilibe mwambo kapena mlendo wolemekezeka, ndiyo kusamalira zitsa. Chaka chilichonse nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa mu Disembala, timadzala, timajambulitsa, koma pofika Okutobala mbande zambiri zauma kapena zadyedwa ndi mbuzi. Chitsa cha mombo, tsamba, muwanga kapena msuku chili ndi mizu yakale yozama, yofika pa chinyezi ngakhale m'chilimwe. Gwadani pa chitsa chimodzi muone: pali mphukira khumi kapena kuposerapo, zonse zowonda, zikulimbirana chakudya. Sankhani ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zojintcha, zotsalazo dulani ndi chikwanje chakuthwa, mopendeketsa kuti madzi asadikhe pabala. Sadzirani nthambi za m'munsi mwa zomwe mwasiyazo, koma osapitirira theka la msinkhu wake. Bwereraninso pakatha miyezi ingapo. Pakapita zaka zochepa malo aja adali mbee adzakhala ndi mthunzi, ndipo simudagule chubu ngakhale chimodzi.

Mdani wa mphukira ndi moto. Mvula ikangosiya, udzu usanaumitsitse, lambulani njira yotakata kuzungulira nkhalango, ndipo muzibwereza chaka ndi chaka. Kambiranani ndi anyamata osaka mbewa, poti moto wambiri wa mu Ogasiti umachokera kwa iwo.

Mitengo ikabwerera, agwape, akalulu ndi nkhanga zimabwereranso. Ku malo osungirako nyama zakutchire a Majete nyama zidatsala pang'ono kutheratu, koma kuyambira 2003, pamene boma lidagwirizana ndi bungwe la African Parks, zipembere, njovu ndi mikango zidabwezeretsedwa. Poyendera nkhalango yanu chotsani misampha ya waya n'kuipereka kwa akuluakulu a zanyama zakutchire. Uzani achinyamata mosabisa kuti chisinthireni lamulo mu 2017, wopezeka ndi ngaka, minyanga ya njovu kapena nyanga ya chipembere angathe kukakhala kundende mpaka zaka 30, pamene womutumayo ali phee m'tauni.

Pali zina zomwe mudzi sungathe pawokha, monga lole yodzaza matumba a makala yotuluka m'bandakucha, kapena munthu wandalama wobwera ndi zikalata zoti wagula phiri. Musaimike galimoto kapena kumenya munthu, mungapwetekeke kapena kudzipalira mlandu. Gulani buku lachikuto cholimba. Mulembemo tsiku, nthawi, malo, nambala ya galimoto ndi chiwerengero cha zitsa zatsopano, ndipo amene ali ndi foni ajambule ali potalikira. Kuwotcha makala ogulitsa popanda chiphaso ndi mlandu, ndipo zilango zake zidakwezedwa mu 2020. Tengani umboniwo ku ofesi ya zankhalango ndi kupolisi ndi kalata yolembedwa kawiri, ina adindepo chidindo mubwerere nayo. Nkhani yomweyo ilowe ku makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, khansala ndi phungu aimve pagulu. Akakuuzani kuti malowo adaperekedwa, pemphani kuona zikalata, pakuti lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga lidayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Mukadikira osayankhidwa, pitani ku wailesi ya m'dera lanu, muyankhule ngati komiti, bukulo lili m'manja.

Musaiwale kuti wowotcha makala amapita kuphiri chifukwa cha njala ndi fizi ya ana. Ming'oma yoyamba ya njuchi muipereke kwa anyamata omwewo, aipachike m'kati mwa nkhalango, uchi ukhale wawo. Amayi aphunzitsane kuumba mbaula za chitetezo, zomwe zimadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu. Ndalama za chindapusa ndi zogulitsa udzu ziwerengedwe mokweza pabwalo la a nyakwawa miyezi itatu iliyonse, aliyense akumva, ndipo tsiku lomwelo mugwirizane za Loweruka lokasadzira zitsa.