NGONGOLE YA WOPHUNZIRA: PHUNZIRO LOCOKERA KU MEXICO

Kodi mnyamata amene waphunzira udokotala ndi ndalama za msonkho ali ndi ngongole kwa mlimi amene anakhoma msonkhowo? Anthu a dziko la Mexico anayankha funso limeneli m'caka ca 1936, ndipo yankho lao liyenera kulingaliridwa bwino ndi aphunzitsi, makolo ndi ana a sukulu.

Masiku amenewo madokotala anali ounjikana m'mizinda, pamene midzi yambiri ya kumapiri inalibe ndi mmodzi yemwe. Boma la Pulezidenti Lázaro Cárdenas linali kuiona yunivesite yaikuru ya mu Mexico City ngati nyumba yosasamala za amphawi. Tsono Dr. Gustavo Baz Prada, mkuru wa sukulu ya udokotala pa yunivesiteyo, anapangana ndi Boma kuti wophunzira ali yense, asanalandire digiri yake, ayambe wakakhala miyezi ingapo pamudzi wopanda dokotala. Gulu loyamba linali la ophunzira oposa 200, ndipo Boma linali kupatsa ali yense mapeso 90 pa mwezi.

Nchito yao sinali kuciritsa kokha ai. Anayenera kufufuza madzi amene anthu anali kumwa, zakudya zao, nyumba zao ndi nthenda zofala pamudzipo, naphunzitsa ukhondo, natumiza malipoti ku sukulu. Pobwerera, yense analemba kabuku konena za umoyo wa mudzi umene anakhalamo, ndipo aphunzitsi anamuyesa ndi kabukuko. Awerengi athu azindikire kuti mtima wa phunziro lino uli pamenepa. Mnyamata angathe kuloweza m'buku kuti kamwazi amadza ndi madzi oipa, nakhoza mayeso. Koma akaima pa citsime cimene anthu amwera pamodzi ndi ziweto, namva mai akumuuza kuti nkhuni zowiritsira madzi ziri kutali ulendo wa m'mawa wonse, pamenepo ayamba kudziwa cimene buku silinamuuze. Ndipo polemba zimene waonazo, akakamizika kuganiza. Mudzi unapeza dokotala, sukulu inapeza nzeru za midzi imene aphunzitsi ake sanapondemo.

M'caka ca 1945 lamulo linafikitsa udindo umenewu kwa ophunzira a nchito zina zonse za digiri. Lero lino wophunzira wa pa yunivesite ku Mexico atumikira maola osacepera 480, pa nthawi yosacepera miyezi isanu ndi umodzi, ndipo a udokotala atumikira caka cathunthu.

Komatu cinthu cabwino cikakula cimabvuta kuweta. Ophunzira ambiri atha maola ao 480 akusanja mapepala m'maofesi, osaphunzira kanthu, osathandizanso munthu. Coipa koposa cagwera a udokotala. Popeza wophunzira alandira ndalama zocepa, kwakhala kwapafupi kumsiya yekha pa cipatala caching'ono ca kumudzi m'malo molemba dokotala wokhwima. Asala yekha usana ndi usiku, wopanda womlangiza, nthawi zina kumadera kumene kuli zigawenga. M'caka ca 2022 wophunzira wina anaphedwa pa cipatala cimene anali kutumikirako m'cigawo ca Durango, ndipo anzake anayenda m'miseu kudandaula.

Ife kuno tidziwa bwino m'mene mau okoma amaonongekera. Thangata poyamba anali cithandizo ca pakati pa abale ndi anansi; m'minda ya Azungu mau omwewo anasanduka dzina la nchito yokakamiza. Kutumikira kwa ophunzira kungatsate njira yomweyo ngati mphunzitsi wacokapo, kutsala nchito yokha.

Cifukwa cake mphunzitsi wamkuru, asanatulutse ana ake kunja kwa kalasi, ayenera kudzifunsa kuti nchitoyo ikhudza phunziro liti, ndiponso kuti mwini mudzi anaipempha kapena ai. Kulambula mseu ndi kuumba njerwa nzabwino, ndipo sitizinyoza. Koma ana akangobwerako otopa, nalowa m'kalasi ngati sikunacitike kanthu, mudzi wapindula, sukulu ai. Taonani kusiyana kwake. Asungwana ndi anyamata a ku sekondale apita ku sikelo ya ana pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo ndi mphunzitsi wao wa masamu. Athandiza kulemba kulemera kwa makanda, osalemba maina ao. Pobwerera ajambula mizere yoonetsa miyezi imene ana anaonda, naiyerekeza ndi miyezi imene nkhokwe zimakhala zitatha. Sabata lotsatira abwerera kwa mfumu ndi amai aja kukawafotokozera zimene apeza, nafunsa ngati ziri zoona. Amai angawatsutse pena, cifukwa adziwa zimene sikelo siinena, monga nthawi imene malungo anabuka pamudzi. Ndipo ana alembenso lipoti lao.