Malangizo: Tsiku Lowedza Nsomba ku Bazaruto kwa Akwati Atsopano

Zilumba za Bazaruto zili m'nyanja yamchere ya Indian Ocean, pafupi ndi tawuni ya Vilankulo ku Mozambique. Kuyambira mu 1971 derali ndi lotetezedwa ndi boma. Akwati amene angomanga banja amakonda kukapumulirako, ndipo ena amapatula tsiku limodzi lokawedza nsomba zikuluzikulu monga marlin ndi sailfish pakati pa nyanja.

Marlin imapezeka kwambiri kuyambira Okutobala mpaka Disembala. Miyezi ya Januwale mpaka Malichi ndi ya namondwe, choncho ulendo wa nthawi imeneyo umatha kulephereka.

Boti limanyamuka m'mamawa. Mafunde a kumeneko saali ngati a Nyanja ya Malawi, ndipo nseru ndi chizungulire zimagwira ngakhale munthu wozolowera madzi. Mankhwala oletsa nseru amwedwe boti lisananyamuke, chifukwa akamwedwa munthu atayamba kale kusanza sathandiza kwenikweni. Kadzutsa akhale wopepuka, mowa wa usiku upewedwe, ndipo wodwalayo aziyang'ana kutali kumene nyanja yakumana ndi thambo. Chipewa, madzi akumwa ndi mafuta oteteza khungu kudzuwa n'zofunika. Asanalipire, akwatiwo aone ngati botilo lili ndi majekete oyandamitsa.

Kukoka marlin kumatha kutenga maola angapo, ndipo ikagwidwa kawirikawiri imabwezedwa m'madzi yamoyo. Ngati mmodzi mwa awiriwo sakonda zowedza, ndi bwino kusankha ulendo wa theka la tsiku. Kuderali kulinso malungo, choncho kugona m'masikito n'kofunika.