Bishopu Mackenzie, Amene Anagona pa Mathiriro a Ruo

Tsiku lina aphunzitsi athu anapachika mapu a dziko lathu pakhoma, natiuza kuti titsate ndi chala madzi a mtsinje wa Thuchila, umene uli pafupi ndi ife kuno ku Luchenza. Ine ndinatsata kufikira pamene Thuchila athira mu Ruo, ndipo ndinatsika ndi Ruoyo kufikira ku Chiromo, kumene akomana ndi Shire. Pamenepo aphunzitsi anati, "Ima pomwepo. Kodi mudziwa munthu womveka amene anafera pamalo amenewo?" Tonse tinangoti chete. Manyazi a tsiku lija ndiwo anandichititsa kufunafuna mbiri imene ndikulemberani pano, anzanga.

Munthuyo ndiye Charles Frederick Mackenzie, Bishopu woyamba wa mpingo wa Anglican kufika m'dziko muno. Iye anabadwa ku Scotland m'chaka cha 1825, naphunzira pa sukulu yaikulu ya Cambridge. Anali katswiri wa masamu, pakuti pa mayeso a 1848 anakhala wachiwiri mwa onse amene analemba. Munthu wotere akanatha kukhala komweko pamtendere, akulemekezedwa kufikira ukalamba wake. Koma m'chaka cha 1855 anatsagana ndi Bishopu Colenso kunka ku Natal, kumene anakhala Akidikoni, ndiko kuti wansembe wamkulu woyang'anira ansembe anzake, mpaka 1859.

Pa nthawi imeneyo Dotolo David Livingstone anali atalankhula kale ku Cambridge, m'chaka cha 1857, za malonda oipa ogula ndi kugulitsa anthu kuno kwathu. Mawu akewo anautsa mitima ya ophunzira, ndipo anayambitsa mishoni imene tiitcha U.M.C.A. Pofuna mtsogoleri anasankha Mackenzie, ndipo anadzozedwa ubishopu ku Cape Town pa 1 Januwale, 1861.

Iye ndi anzake anakwera mtsinje wa Shire pamodzi ndi Livingstone pa sitima yotchedwa Pioneer. Atatsika kwa Chibisa, kufupi ndi Chikwawa, anayamba ulendo wapansi wokwera kumapiri. Tikumbuke kuti masiku amenewo kunalibe njanji, kunalibe misewu, ngakhale minda ya tiyi imene tiiona lero. Bishopuyo anayenda pansi monga anzake onse, atagwira ndodo yake yaubishopu dzanja lina, mfuti dzanja linalo. Ndodo ndi mfuti zimenezi muzisunge m'mutu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Mwezi wa Julaye, pamudzi wa Mbame, aulendowo anakomana ndi mdipiti wa akapolo, amuna ali m'magoli, akazi ndi ana atamangidwa zingwe. Owaperekeza anathawa, ndipo anthu 84 anamasulidwa tsiku lomwelo. Anthuwa ndiwo anakhala chiyambi cha mudzi wa mishoni ku Magomero, m'boma la Chiradzulu, kumene mfumu Chigunda inawapatsa malo. Bishopu anawadyetsa, nawasamala monga ana ake, nayamba kuphunzitsa ana.

Tsono vuto linabwera motere. Dziko linali pa nkhondo pakati pa Amang'anja ndi Ayao. Mafumu a Amang'anja anadza kudzadandaula kuti anthu awo alikugwidwa, napempha Azunguwo kuti awathandize ndi mfuti zawo. Livingstone pochoka anali atawachenjeza kuti asalowe m'milandu ya mitundu. Koma Bishopu, poona kulira kwa anthu, analephera kukhala chete. Anavomera, natsogolera anthu kukamenyana ndi Ayao, ndipo misasa yawo inatenthedwa. Pambuyo pake amishoniwo anazindikira zimene sanadziwe poyamba: kuti Ayao ambiri anali anthu othamangitsidwa kwawo, ofuna pokhala ndi chakudya, ndiponso kuti Amang'anja ena nawonso anali kugulitsa anthu anzawo. Mbiriyi itamveka ku England, ambiri anamdzudzula kuti Bishopu sayenera kugwira mfuti.

Imfa yake inadza msanga. Anapangana ndi Livingstone kuti akomane pa mathiriro a Ruo tsiku loyamba la chaka cha 1862, chifukwa mlongo wake Anne ndi mkazi wa wansembe Henry Burrup anali m'njira kudza kuno. Koma anachedwa, popeza anayamba wapita kukalanga mudzi wina wa cha ku Mulanje kumene anzake awiri anachitidwa chipongwe pofuna njira ya ku Ruo. Pamene iye ndi Burrup ananyamuka, dzinja linali litakhwima, mitsinje itadzaza. Potsika ndi Shire bwato lawo linagubuduka usiku, ndipo mankhwala awo onse, pamodzi ndi kwinini wa malungo, anatayika m'madzi. Pofika pa chisumbu cha Malo, pa mathiriro paja, anapeza Livingstone atapita kale kumunsi. Anaganiza zodikira pomwepo, pakati pa madambo a udzudzu, opanda mankhwala. Malungo anamgwira Bishopu, ndipo anamwalira pa 31 Januwale, 1862, ali ndi zaka 36, atangokhala Bishopu chaka chimodzi ndi mwezi umodzi. Burrup anamuika m'manda kumtunda, iyenso ali wodwala, ndipo anakamwalira ku Magomero mwezi wotsatira. Amayi awiri aja anafika kudzamva za maliro okhaokha.

Njala, matenda ndi nkhondo zinachotsa otsalawo ku Magomero, ndipo Bishopu Tozer, amene analowa m'malo mwake, anasamutsira mishoni ku Zanzibar m'chaka cha 1864. Anthu anayesa kuti zonse zathera pomwepo. Koma mishoni yomweyo inabweranso, nikhazikika pa chisumbu cha Likoma m'chaka cha 1885. Ndipo m'chaka cha 1965 mwana wa ku Likoma komweko, Josiah Mtekateka, anadzozedwa kukhala Mmalawi woyamba wolandira ubishopu mu mpingo umenewu.

Tinakambirana nkhaniyi m'kalasi, ndipo tinagawikana. Ena anati Bishopu analakwa kotheratu. Ena anati wosamasula munthu womangidwa ndiye wolakwa koposa. Ine ndiganiza motere. Pomasula anthu aja pamudzi wa Mbame, aulendowo anaona goli ndi maso awo, ndipo panalibe chokayikitsa. Koma polowa nkhondo Bishopu anaweruza mlandu atamva mbali imodzi yokha, asanadziwe bwino chinenero ndi mbiri ya eni dziko. Mtima wake unali wabwino ndithu, nzeru za m'mabuku anali nazo zambiri, koma anafulumira. Akulu anati safunsa anadya phula.

Ifenso tikuphunzira kuti tsiku lina tikhale aphunzitsi, madotolo, akalaliki kapena atsogoleri, ndipo ena a ife adzatumidwa kwa anthu amene chinenero chawo sachidziwa. Titengeko kulimba mtima kwa Mackenzie, amene anasiya ulemu wa kwawo chifukwa cha anthu omangidwa. Koma tisanaweruze mlandu wa eni ake, tiyambe takhala pansi ndi kumva mbali zonse ziwiri.