Mukafika ku Cusco, tsiku loyamba musakwere phiri

Za pasipoti, tikiti ya ndege ndi malo ogona mukudziwa kale. Pitani pakati pa Meyi ndi Seputembala kulibe mvula, ndipo nyamulani juzi yochindikala chifukwa usiku kumazizira koopsa. Chimene chimagwetsa alendo mumzinda umenewu wa ku Peru ndi china.

Cusco ali pamtunda wa mamita pafupifupi 3,400. Nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje ndi mamita 3,002, ndiye kuti mukutsika ndege pamalo okwera kuposa paliponse m'Malawi, pomwe ola limodzi ndi theka lapitalo munali ku Lima, m'mbali mwa nyanja. Mpweya kumeneko ndi wopepuka, magazi salandira wokwanira, ndipo munthu amadwala matenda amene eni dziko amawatchula kuti soroche.

Ndaziona kambirimbiri. Munthu afika m'mawa mtima uli dyokodyoko, aponya chikwama pabedi, nthawi yomweyo wauyamba wapansi wopita ku mabwinja a Sacsayhuamán pamwamba pa mzinda, ati masiku ndi ochepa. Madzulo mumupeza wakhala pamasitepe a mwala, milomo itatuwa, mutu wagwira ndi manja awiri, zimene anadya masana zabwerera. Masiku awiri otsatira amathera m'chipinda makatani ali otseka. Zimandipweteka, chifukwa munthuyo anasunga ndalama zaka zingapo kuti afike kumeneko.

Tsiku loyamba musakwere chilichonse. Gonani maola awiri kapena atatu, imwani madzi pafupipafupi, idyani zopepuka monga supu, ndipo mowa muusiye. Mukatuluka yendani ngati nkhalamba, phazi ndi phazi, mukamva phuma khalani pansi. Wina akakuuzani kuti ndinu wamphamvu, mumathamanga m'mawa uliwonse, sizikukhudzani, ameneyo akukunamizani. Soroche sayang'ana minofu. Ambiri amene ndawaona atagwa ndi anyamata amphamvu omwewo, chifukwa ndiwo safuna kumva. Ndikubwereza: tsiku loyamba musakwere chilichonse, ngakhale kamtunda kopita ku San Blas kamene kamaoneka kafupi.

Ngati masiku alipo, chitani chanzeru koposa. Potsika ndege pitirirani ku Urubamba kapena ku Ollantaytambo, m'chigwa cha mamita pafupifupi 2,800, mukagone kumeneko kawiri, kenako mubwerere ku Cusco thupi litazolowera. Mankhwala a acetazolamide amathandiza, koma kambiranani ndi dokotala musananyamuke, osati kugula mutu utayamba kale kuwawa. Tiyi wa masamba a coca amene mahotela amapereka imwani, koma musamuyese mankhwala olowa m'malo mwa kupuma, ndipo masambawo musawaike m'chikwama pobwerera kwanu: m'mayiko ambiri umenewo ndi mlandu. Mutu wowawa pang'ono ndi kusowa tulo zimatha zokha. Koma munthu akamabanika ali chikhalire, akamatsokomola mosalekeza, akamadzandira kapena kuyankhula zosamveka, musadikire kuti kuche. Mutengereni kuchipatala, ndipo atsikire kumunsi.

Tsiku lachiwiri yendani pakati pa mzinda, pamene misewu yambiri ndi yosakwera kwambiri. Yambirani ku Qorikancha, kachisi wa dzuwa wa Ainka. Asipanya atalowa mu Cusco mu 1533 anamanga tchalitchi cha Santo Domingo pamwamba pa makoma akewo. Chivomezi cha 1950 chinagumula kwambiri zomanga za Asipanya, koma makoma a Ainka anangoima nji. Yandikirani, muone miyala yosemedwa yolumikizidwa popanda dothi kapena simenti, moti ngakhale lezala silingalowe pakati, ndiponso makoma opendekera mkati pang'ono. Apa musathamange. Anthu ambiri amangojambula chithunzi n'kutuluka osaona kuti aima pamalo pamene chipembedzo china chinakhalira chinzake pamutu.

Kuchoka apo pitani ku tchalitchi chachikulu cha pa Plaza de Armas, chimene anamaliza kumanga mu 1654, miyala ina ataichotsa ku Sacsayhuamán. Funani chithunzi cha Mgonero wa Ambuye chojambulidwa ndi Marcos Zapata: pambale ya pakati pa tebulo pali kanyama ka kumapiri a Andes, kamene ambiri amati ndi mbira, ndiwo yolemekezeka ya kumeneko. Muonenso mtanda wa Señor de los Temblores, Yesu wakuda amene anthu a mu Cusco amamupembedza pokumbukira chivomezi cha 1650. Kujambula mkati n'koletsedwa, ndipo anthu amapempheramo, choncho vulani chipewa, tsitsani mawu. Mwala wa Ainka wa ngodya 12 uli mumsewu wa Hatun Rumiyoc, pafupi pomwepo, ndipo kuuona n'kwaulere.

Za ndalama: tikiti yotchedwa boleto turístico ndi masoles (ndalama za ku Peru) cha m'ma 130, imagwira masiku 10, ndipo popanda iyo simulowa ku Sacsayhuamán, Pisac kapena Ollantaytambo. Koma matchalitchi salipo pa tikitiyo. Konzani masoles ena ngati 40 a tchalitchi chachikulu ndi 20 a Qorikancha, ndipo nyamulani ndalama zamanja.

Mabwinja a pamwamba pa mzinda ndi a tsiku lachitatu. Musayambire pansi kukwera. Lipirani takisi masoles 20 kapena 30 ikakusiyeni ku Tambomachay, komwe madzi akuyendabe m'ngalande za Ainka, ndiye muzibwerera chotsetsereka kudzera ku Puka Pukara ndi Q'enqo. Mufika ku Sacsayhuamán miyendo ikadali ndi mphamvu, muime pansi pa miyala yotalika kuposa anthu awiri osanjikizana, Cusco yense ali m'munsi mwanu ndi madenga ake ofiira.