Ku Santorini ndi amayi a mawondo ovuta

FUNSO: Ndimakhala ku Leeds, ndipo mu Julayi amayi anga a zaka 70 akubwera kuchokera ku Zomba kudzacheza. Ndalipira ulendo wa sitima yapamadzi yozungulira zilumba za Greece, ndipo tsiku lina tidzaswera ku Santorini. Ulendo wapachilumba wokonzedwa ndi a sitima ndi wodula. Kodi sitingadziyendere tokha? Tikufuna kukajambulitsa ku Oia ndi kukwera phiri lophulika la kumeneko. Amayi ali bwinobwino, kungoti mawondo amawavutako ndipo amamwa mankhwala a BP. Wowerenga, Leeds.

YANKHO: Funso lakuti "tilipire kapena tidziyendere" limandipeza chaka ndi chaka, ndipo yankho silisintha: wa miyendo yolimba angathe kudziyendera. Koma inu nkhani yanu yagona pa zimene mwazitchula mongodutsa kumapetoko, mawondo ndi BP. Tsiku lonselo mulikonze poyang'ana zimenezo. Za mtengo zibwere pambuyo.

Santorini ndi mlomo wa phiri limene linaphulika zaka pafupifupi 3,600 zapitazo, pakati pake n'kutitimira, nyanja n'kulowamo. Matauni ali pamwamba pa phompho. Sitima zikuluzikulu sizifika kugombe. Zimaima pakati pa madzi, anthu n'kumatengedwa pa maboti ang'onoang'ono. Mu Julayi kumawomba mphepo ya meltemi, boti limadzuka n'kugwa, ndipo amayi adzafunika kuponda m'botimo ndi bondo lomwelo. Odziyendera okha amatsitsidwa padoko lakale, pomwe tauni ya Fira ili pamwamba penipeni, mamita oposa 200.

Kuti mukafike kumeneko pali cable car, masitepe kapena abulu. Cable car imanyamula anthu 36 okha ulendo umodzi. Sitima zingapo zikakumana tsiku limodzi, mzere umatha kupitirira ola, makamaka masana aliyense akamathamangira kubwerera, dzuwa likuswa mtengo. Masitepe alipo pafupifupi 600, miyala yake yosalala ndi kupondedwa, ndowe za abulu paliponse, ndipo bondo lodwala limalira kwambiri potsika kusiyana ndi pokwera. Za abulu ndinene mosabisa: sindivomereza. Boma la Greece linachita kuika lamulo mu 2018 loti nyamazi zisasenzetsedwe katundu woposa makilogalamu 100 chifukwa zinkazunzika, ndipo gogo atagwa pamsana pa bulu pamiyala ija chiuno sichingapulumuke.

Chimene sindichiiwala n'chimene ndinaona pamasitepe amenewo madzulo ena. Bambo wachikulire anali atakhala pansi chapakati panjira, nsapato imodzi atavula, malaya atanyowa, milomo yatuwa. Mwana wawo wamkazi ataona kutalika kwa mzere wa cable car anawauza kuti angotsika wapansi, si kutsika kokha. Abulu ankawadutsa mowakhula ndi nthiti, woweta akukuwa kuti apatuke, koma kopatukira kunalibe. Mtsikanayo ankangoyang'ana wotchi, kenako sitima ili pansi apo, kenako bambo ake. Tinawagwira uku ndi uku, sitepe imodzi n'kupuma, ina n'kupuma. Pofika padoko boti lomaliza linali litapita. Anagona pachilumba, m'mawa mwake n'kugula matikiti ena kuti akaipeze sitima kudoko lotsatira. Ndalama imene ankaipulumutsa inapita kangapo, ndipo bambowo ulendo wonse sanaukondwerenso.

Choncho lipirani ulendo wokonzedwa ndi a sitimawo. Maulendo amenewa kawirikawiri amatsikira kudoko la Athinios, kumene basi imakudikirani m'mphepete mwa madzi, ndipo mukachedwa muli m'manja mwawo sitima imadikira. Odziyendera siwadikira. Koma musanalipire funsani kuti ulendowo ukathera kuti. Ambiri amakusiyani ku Fira ndi tikiti ya cable car m'manja, mzere uja n'kukhala wanu. Sankhani wobwerera pa basi mpaka ku Athinios. Ngati palibe, khalani pamzere kudakali maola awiri boti lomaliza lisananyamuke, ndipo muzitsatira nthawi ya sitima.

Phiri lija liiwaleni. Phiri limene anthu amakwera ndi Nea Kameni, kachilumba ka pakati pa madziwo, kamene kanaphulika komaliza mu 1950. Ndi miyala yakuda ndi tinsangalabwi toterereka, mtengo ngakhale umodzi palibe, ndipo nthaka imabweza kutentha kumaso. Mankhwala ena a BP amakodzetsa, thukuta likawonjezerapo munthu amachita chizungulire n'kugwa. Akasupe ofunda a pakachilumba ka Palea Kameni nawo amafuna kudumpha m'boti n'kusambira m'madzi akuya. Ngati inuyo mtima ukufunitsitsa, mudzapitenso nokha chaka china.

Amayi atengereni ku Akrotiri. Ndi mzinda umene phulusa la kuphulika kuja linaukwirira, ndipo Spyridon Marinatos anayamba kuufukula mu 1967. Muli nyumba zosanja, misewu, ngalande ndi mitsuko ikuluikulu, zonse pansi pa denga, pamthunzi, poyenda pabwino. Kwa ine n'chinthu choposa chithunzi chilichonse cha matchalitchi a madenga abuluu a ku Oia. Ku Oia pitani m'mawa, jambulitsani, khalani pansi mumwe madzi. Madzulo timisewu take timathithikana moti ndodo ya gogo imasowa poponda.

Ena amandifunsa za zivomezi zimene zinagwedeza chilumbachi kumayambiriro kwa 2025 mpaka anthu masauzande kuthawa. Akatswiri amaliyang'anira phirilo usana ndi usiku, ndipo zinthu zikavuta sitima siima n'komwe. Mantha anu asathere pamenepo.

Chachangu kuposa zonse ndi ichi: ngati amayi ali ndi pasipoti ya Malawi, visa ya Britain siwalowetsa ku Greece. Akufunika ya Schengen, ndipo ayipemphe asananyamuke kumudzi, chifukwa popanda iyo a sitima sawalola kukwera. Inshuwalansi yapaulendo muilembetse mutatchula BP ndi mawondowo, mukabisa adzakana kulipira. Awonane ndi dokotala wawo asanabwere. Mankhwala azikhala m'kachikwama ka m'manja, osasiyidwa m'chipinda cha m'sitima, pamodzi ndi pepala la mayina ake ndi nambala ya woimira sitima padoko. Pangozi imbani 112.